Mvula ya m'makatoni

Funso: Akonzi, ndinaona pa YouTube chipinda chodzaza makatoni chikusokosa ngati mvula padenga, koma sipika ngakhale imodzi panalibe. Phokosolo limachokera kuti? Nanga ine ndi ophunzira anga tingathe kupanga?
Mphunzitsi wa zaluso, Zomba

Yankho: Aphunzitsi, zimene munaonazo ziyenera kuti ndi za Zimoun, mmisiri wa ku Bern, Switzerland. Pa katoni iliyonse amamangapo kamota, pa kamotapo kawaya, kunsonga kwa wayayo kampira ka thonje. Mota ikazungulira, kampirako kamamenya katoni n'kumalira ngati ng'oma. Mu 2013 anaika mamota 329 m'thanki yakale ya fakitale ku Dottikon, ku Switzerland komweko, timipira tikumenya chitsulo cha thankiyo.

Chimene chimasandutsa kugundaku kukhala mvula n'chakuti palibe mamota awiri othamanga liwiro limodzi ndendende. Ndiye musavutike kuwafananitsa. Akagunda pamodzi mumva chigayo.

Yambani ndi mamota 20 a mavoti 3 mpaka 6, a m'zidole zakufa akwana. Waya wa kampira akhale masentimita 15 kapena 20. Thonje mulizengereze ndi ulusi mpaka lilimbe gwa, lofewa silimveka. Mota iliyonse ikhale ndi mawaya akeake opita kochokera magetsi. Ngati imodzi ikoka maampu 0.2, onse 20 afuna maampu 4, choncho chaja ya foni musayese n'komwe, ingotentha. Waya wa magetsi woonda komanso wautali amafooketsa mamota akutali.

Makatoni akhale opanda kanthu, otseka ndi tepi, ndiponso ouma. M'dzinja katoni yoyamwa chinyezi imangoti phu, phu. Musawaunjike pakona imodzi: ena pansi, ena pamwamba, kuzungulira chipinda chonse, m'magulu atatu, gulu lililonse swichi yake. Mukamayatsa gulu limodzilimodzi, woima pakati amva mvula ikubwera kuchokera uko, n'kumudutsa. Sungani waya wina wapadera, amakonda kuthyokera pamene mwapinda pafupi ndi mota.

Funso: Akuti ku London kunali chipinda chogwa mvula yeniyeni koma munthu osanyowa. Zoona?
Wowerenga, Kasungu

Yankho: Zoona. Ndi Rain Room ya gulu la Random International, imene inatsegulidwa ku Barbican, malo a zaluso a ku London, mu 2012. Makamera amaona pamene mwaima, kompyuta n'kutseka mipopi ya pamutu panu. Koma muziyenda pang'onopang'ono. Mukathamanga, madontho amene anachoka kale kudenga akupezani basi.