Funsani Adokotala: Wodwala maganizo amadwalanso m'thupi

Funso: Achimwene anga akhala akumwa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa chlorpromazine kwa zaka 4. Mutu unakhazikika, koma anenepa kwambiri, ludzu silikuwatha, ndipo usiku amadzuka kanayi kukataya madzi. Abale akuti ndi matenda awo omwe aja. Tiwasiyitse mankhwala? Mlongo wodandaula, Balaka.

Yankho: Musawasiyitse, mayi. Akasiya mwadzidzidzi matenda akhoza kubwerera mwamphamvu. Koma zimene mwafotokozazi zikuloza ku shuga. Mankhwala a matenda a maganizo monga chlorpromazine, risperidone, makamaka olanzapine, amachititsa munthu kumva njala pafupipafupi, thupi limakula, kenako limalephera kutsitsa shuga m'magazi.

Apiteni nawo kuchipatala sabata yomwe ino, m'mawa, atakhala maola 8 osadya kanthu kupatula kumwa madzi. Akawabaya pachala, shuga akafika 126 mg/dl kapena kuposa, nthawi zambiri amabwereza tsiku lina kuti atsimikize. Pemphani awayezenso BP. Ikamafika 140/90 mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. Kunyumba tengani tepi ya telala muwayeze mimba podutsa pamchombo. Kwa mwamuna isapitirire masentimita 94, kwa mkazi 80. Akwere sikelo ulendo uliwonse akapita kukatenga mankhwala, ndipo onetsetsani kuti zonse zalembedwa m'buku lawo la kuchipatala, kuti dokotala aone ngati n'koyenera kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala.

Mawu akuti "ndi matenda awo omwe aja" amatipweteka mtima, chifukwa ndi amene amachedwetsa thandizo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu odwala kwambiri maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri amapita ndi matenda a m'thupi opeweka monga a mtima, shuga ndi TB. Munthu akatsokomola masabata 2 akayezetse makhololo, posayang'ana kuti amadwala maganizo.

Chlorpromazine amaumitsa m'kamwa, n'chifukwa chake mano amabooka msanga. Azitsuka kawiri patsiku, ndipo ludzu aziphera madzi, osati zakumwa zotsekemera. Mankhwalawa amadzimbitsanso, choncho ndiwo zamasamba ndi nsima ya mgaiwa zisasowe. Akamadzuka pamphasa ayambe akhala tsonga kaye kuti chizungulire chisawagwetse. Tsiku lina mukadzaona thupi latentha, minofu yauma gwa ngati thabwa, thukuta lili kamukamu ndipo akusokonezeka, musangoti ndi malungo, chifukwa likhoza kukhala vuto lobwera ndi mankhwalawa. Thamangirani kuchipatala, mutenge mapaketi a mankhwala onse.

Funso: Ndimamwa carbamazepine (mankhwala a khunyu ndi matenda ena a maganizo) komanso ma ARV, ndipo ndikufuna kuikitsa njira yolerera ya pamkono. Pali vuto? Mayi wa ana awiri, Mzimba.

Yankho: Lilipo ndithu. Carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, motero ya pamkono ndi mapilitsi olerera zimachepa mphamvu, mimba n'kubwera musakuyembekezera. Jakisoni wa Depo wa miyezi 3 kapena lupu sizisokonezeka. Carbamazepine amachepetsanso dolutegravir, mankhwala amene ali m'piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, ndipo dokotala angakuwonjezereni piritsi lina la dolutegravir lomwa patapita maola 12, kapena kusintha carbamazepine. Auzeni a ku ma ARV ndi a kulera zonse zimene mukumwa, chifukwa mbali iliyonse imangoona zake. Akafuna kukuchotsani pa carbamazepine n'kukusinthirani ku mankhwala ena otchedwa sodium valproate, akumbutseni kuti mukadali pamsinkhu wobereka: mankhwalawa amatha kupundula msana wa mwana m'mimba m'mwezi woyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.