Ngwazi ikapha mfumu ya ziwanda, mawa lake idya chiyani?

Mnyamata wina wanditumizira imelo ya mafunso awiri. Akuti watopa ndi anime, makatuni a ku Japan, ankhani imodzimodzi: mwana wa kumudzi apatsidwa lupanga, asonkhanitsa anzake atatu, ayenda mpaka ku linga la mfumu ya ziwanda, aipha, nkhani nkutha. Akufuna ndimutchulire ena amene amatembenuza zimenezi. Funso lachiwiri ndi la kunyumba. Mayi ake anasuzumira pa foni nkuona dzina la Satana pa mawu oyenda pansi pa kanema, ndipo kuyambira tsiku limenelo foniyo sakuiona bwino. Akufunsa kuti awauze chiyani.

Achimwene, ndiyambira kwa mayi, poti ndiwo akulu.

Mawu amene omasulira amawalemba kuti Demon King kapena Devil, ku Japan amati maou. Gwero lake si Baibulo ayi. Anachokera ku chipembedzo cha Chibuda, ku dzina la Mara, woyesa uja amene nkhani zawo zimati anafuna kusokoneza Buddha pamene ankasinkhasinkha pansi pa mtengo. M'ma anime ambiri, "ziwanda" zimenezi ndi mtundu wa anthu chabe, a nyanga pamutu, okhala ndi mizinda yawo, ana awo ndi asilikali awo. Kwa ife chiwanda ndi chinthu chimene amatulutsa ndi mapemphero, nchifukwa chake mawuwa amatiluma m'khutu. Koma musakawanamize mayi kuti za m'Baibulo mulibemo. Olemba ena amabwerekadi mayina ngati Satan, Lucifer ndi Gabriel, chifukwa ku Japan Akhristu ndi ochepa kwambiri ndipo mayinawa amangowamvekera achilendo ndi okoma. Afotokozereni mayi zimenezi mwaulemu. Akakana ndithu, nyumba ndi yawo. Pa mndandanda uli m'munsimu alipo anime amene dzinalo mulibe.

Tsopano nkhani imene yakutopetsaniyo. Chikombole chake chinaumbidwa kwambiri ndi gemu ya Dragon Quest, imene kampani ya Enix inatulutsa mu 1986. Anaikonza ndi Yuji Horii, ndipo zithunzi za anthu ake anajambula ndi Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball. Ana a ku Japan a zaka zimenezo anakula akudziwa kuti yuusha, ndiye kuti ngwazi, ntchito yake ndi imodzi: kupha maou. Chosangalatsa nchakuti mbewu ya kutembenuzako inali kale mu gemu yoyambayo. Mukafika kwa mdani wamkulu, iye sathamangira kumenyana. Amayamba wakufunsani ngati mungalole kugawana naye dziko, theka lanu theka lake. Wosewera amayenera kukana. Ana aja atakula nkuyamba kulemba nkhani zawo, ena anafunsa kuti, nanga ngwaziyo ikanakhala pansi nkumvetsera?

Ndiyambe ndakuchenjezani chinthu chimodzi. Kungosinthanitsa zipewa, kuti mfumu ya ziwanda ikhale yabwino ndipo ngwazi ikhale yoipa, si luso. Anime otero ndi mbwee, ndipo mukaonera awiri mwaonera onse. Amene ndimawapatsa ulemu ndi aja amene amafunsa kuti udindowo ndi wa chiyani, akudyapo ndani pa nkhondoyo, ndipo munthu wonyamula lupangayo adzakhala ndani nkhondo ikadzatha. Komanso dziwani kuti ndiulula zina za m'kati mwa nkhanizi, ngakhale sindifika pa mathero ake.

Amene anafunsa funso la ndalama mosabisa ndi Maoyu, wa 2013, magawo 12, wopangidwa ndi situdiyo ya Arms. Mamare Touno anayamba kuilemba nkhaniyi mu 2009 pa bwalo la pa intaneti la 2channel, isanakhale mabuku. Anthu ndi ziwanda akhala pa nkhondo zaka 15. Ngwazi yasiya anzake m'mbuyo, yalowa yokha m'linga, lupanga lili m'manja. Imene yapezamo si chilombo koma mayi wophunzira, atazunguliridwa ndi mapepala. Mayiyu akuiyalira masamu: maiko a kumwera, amene ali pafupi ndi nkhondo, akukhalira thandizo lochokera ku maiko olemera a pakati, ndipo olemerawo akupindula ndi malonda a nkhondo yomweyo. Mukandipha lero, akutero mwa njira yake, thandizo liima, asilikali asowa chochita, njala ilowa, ndipo anthu ayamba kuphana okhaokha. Kuti nkhondo ithe, payenera kukhala kaye chakudya.

Ndiye awiriwa akupita kumudzi. Mfumu ya ziwanda ikudzibisa ngati mphunzitsi, nkuyamba kuphunzitsa alimi kasinthasintha wa mbewu ndi kulima mbatata ya kachewere. Ikukambirana ndi amalonda, ikubweretsa makina osindikizira mabuku. Inde, mwamva bwino, gawo lathunthu limatha anthu akukamba za mbatata, ndipo ine sindinagone. Anthu a m'nkhaniyi alibenso mayina, amangotchedwa ndi maudindo awo, Ngwazi, Wamalonda, Wantchito. Zimenezi zimakukumbutsa nthawi zonse kuti chimene chikuyesedwa pano ndi udindo. Malo amene amandigwira mtima ndi pamene akuluakulu a tchalitchi agamula kuti mphunzitsi uja ndi wampatuko, ndipo amene akuimirira kuyankha pamaso pa khamu ndi mtsikana amene anathawa ukapolo wa pa munda wa bwana. Si lupanga limene likugwedeza ufumu tsiku limenelo. Zofooka zilipo: mabuku ake ndi ochuluka kuposa zimene magawo 12 angasenze, motero chakumapeto amathamanga ngati minibasi yolimbirana okwera, ndipo nthabwala zonena za thupi la mayi uja zimabwerezedwa mpaka kunyansa. Ameneyu musaonere pabalaza.

M'chaka chomwecho cha 2013 munatulukanso Hataraku Maou-sama!, amene pa Chingerezi amamutcha The Devil Is a Part-Timer!, wochokera m'mabuku a Satoshi Wagahara. Ndikuganiza kuti ameneyu ndiye anakuyambanitsani ndi mayi, chifukwa mfumu yake dzina lake ndi Satan. Itagonja ku dziko la Ente Isla, ithawira pa chipata cha matsenga nkugwera mu Tokyo wa lero, mphamvu zonse zitatha. Kuti ilipire lendi ya kachipinda kamodzi ku Sasazuka, ikugwira ganyu pa malo ogulitsa mabaga ndi tchipisi otchedwa MgRonald, ndipo loto lake lalikulu ndi kulembedwa ntchito yokhazikika. Mkulu wa asilikali ake wasanduka wosunga pakhomo, wowerengera ndalama ya ndiwo. Ngwazi Emilia, imene inaitsatira kudzaimaliza, nayonso ikuyankha mafoni a makasitomala pa kampani ina.

Ambiri amamutenga ngati wa nthabwala basi. Koma taonani Emilia. Mudzi wake unaonongedwa ndi asilikali a munthu ameneyu, ndipo amakhulupirira kuti bambo ake anafera pomwepo. Lero akumupeza akulandira makasitomala mwaulemu, akuthandiza anthu pamsewu, akukondedwa ndi anzake a pa ntchito. Amutani? Kukoma mtima kwa lero kumafafaniza za dzulo? Magawo 13 oyamba, opangidwa ndi White Fox, amaligwira bwino funso limeneli pakati pa phwete. Magawo otsatira anadza mu 2022 kuchokera ku situdiyo ina, ndipo kwa ine mchere unachepa.

Ena ndingowatchula mwachangu. Mu Helck, wa 2023, mfumu ya ziwanda yaphedwa ndipo ziwanda zachititsa mpikisano wosankha ina, koma amene akupambana ndi ngwazi ya anthu imene ikulengeza ikumwetulira kuti imadana ndi anthu anzake. Amayamba ngati chibwana, kenako amadetsa nkhope, choncho mupirire magawo oyamba. Mu Yuusha, Yamemasu, wa 2022, ngwazi Leo yapirikitsidwa ndi anthu omwe inawapulumutsa chifukwa akuopa mphamvu zake, ndipo ikukafunsira ntchito kwa mfumukazi ya ziwanda imene inaigonjetsa. Maganizo abwino, zojambula za pakatikati. Maoujou de Oyasumi, wa 2020, ndi wa mwana wamkazi wa mfumu amene wabedwa, koma m'malo molira akuzunza linga lonse pofunafuna pilo wabwino. Ameneyu ndi woonera mutu ukatopa.

Koma mukandifunsa amene anatembenuza nkhaniyi mozama kuposa onse, ndinena Sousou no Frieren, ndipo mwina mudabwa, chifukwa mmenemu mfumu ya ziwanda ndi yoipadi ndipo ngwazi ndi yabwinodi. Palibe chipewa chasinthidwa. Chimene Kanehito Yamada ndi wojambula Tsukasa Abe anasintha, pamene anayamba nthanoyi mu 2020, ndi poyambira. Gawo loyamba la anime yake, imene situdiyo ya Madhouse inatulutsa mu September 2023, likutsegula nkhondo itatha kale. Ngwazi Himmel, wansembe Heiter, wankhondo Eisen ndi wamatsenga Frieren akubwerera kwawo patatha zaka 10 za ulendo. Frieren ndi wa mtundu wa elf, anthu a m'nthano osakalamba msanga, wakhala ndi moyo zaka zoposa 1,000, choncho kwa iye zaka 10 zili ngati kukatunga madzi nkubwerako. Atsanzika mopepuka. Akubweranso patatha zaka 50, apeza Himmel ndi nkhalamba ya dazi, ndipo posakhalitsa akumuika m'manda. Pa maliro pomwepo ndi pamene akuzindikira kuti munthuyu sanamudziwe, ndipo sanayese nkomwe kumudziwa. Zonsezi zikuchitika gawo loyamba lisanathe.

M'magawo otsala a chigawo choyamba, chimene chonse chili ndi magawo 28, Frieren akuyendanso njira yomwe ija ndi ana a m'badwo wina, Fern ndi Stark. Himmel timamuona m'zikumbutso zokha, ndipo zimene midzi ikumukumbukira nazo si nkhondo yaikulu ija kwenikweni. Ndi tintchito ting'onoting'ono timene ankaima kuti achite pamene anzake ankafuna kufulumira. Pali mudzi wina umene umasunga lupanga lozikika pamwala, limene nthano imati ngwazi yeniyeni yokha ndiyo ingalizule. Dziko lonse limakhulupirira kuti Himmel analizula. Zoona zake nzakuti analephera, lupangalo likadali pomwepo, ndipo iye anapita kukapha mfumu ya ziwanda ndi lupanga lachitsanzo chabe. Nkhani zambiri za mtundu umenewu zimatsamira pa kusankhidwa, kuti mwanayu anabadwa ndi chizindikiro. Kuno wosankhidwayo sanabwere, ntchito anaigwira ndi munthu amene anangoti ndipita ndine.

Ndipo ziwanda zake? Apa ndi pamene oonera amakangana. Titazolowera zaka khumi za ziwanda zomvetsa chisoni, Frieren akubwera nkutiuza kuti izi ndi zilombo zimene zinaphunzira chilankhulo cha anthu kuti zizinyenga. Pali chikumbutso cha kamwana ka chiwanda kamene kanaitana mayi ake pamene kanali pafupi kuphedwa. Himmel anakamvera chisoni, mfumu ya mudzi inakatenga kukakhala nako, ndipo mapeto ake anali maliro a mfumuyo. Atakafunsa chifukwa chake kanaitana mayi pamene ziwanda sizileredwa ndi makolo, kanasonyeza kuti kanangoona kuti mawuwo amaimitsa dzanja la munthu. Ena zimawasowetsa mtendere kuti nkhani inene kuti mtundu wathunthu sungasinthe, ndipo nkhawa yawo ndimaimvetsa. Ine ndimaona kuti wolembayo ankadziwa bwino zimene tinazolowera kuyembekezera, ndipo anatitchera msampha womwe uja umene kamwanako kanatchera Himmel. Ndinakodwamo, sindikana.

Ngati bandulo ikukwanira mmodzi yekha mwezi uno, yambani ndi Frieren. Ndi amenenso mungaonere mayi ali pomwepo, chifukwa Satana mulibemo, ndipo gawo loyamba lili ndi maliro, nkhalamba ndi munthu wodandaula kuti anachedwa kukaona mnzake, zinthu zimene mayi amazidziwa kuposa inu ndi ine. Chokhacho, wansembe Heiter ndi chidakwa chotheratu, ndiye yankho la zimenezo mukonzeretu.