Mafunso Anu: Kodi Frozen Four ndi mpikisano wanji?

Funso: Akonzi, mwana wa mlongo wanga akuphunzira pa yunivesite ya Denver ku America, ndipo ukafika mwezi wa Epulo mauthenga ake amangokhala a mpikisano wa hockey wotchedwa Frozen Four. Kodi hockey imeneyi ndi yomweyi timaiona kuno, nanga n'chifukwa chiyani mpikisano wa ana asukulu ukupatsidwa ulemu wotere? Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu.

Yankho: Bambo, dzina ndi limodzi koma masewerawa ndi osiyana. Hockey yathu imaseweredwa ndi mpira, anthu 11 mbali iliyonse, pomwe ya mphwanuyo imaseweredwa pa madzi oundana, anthu 6 mbali iliyonse kuphatikizapo goloboyi, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake. M'malo mwa mpira amamenya kalabala kolimba kophwatalala kotchedwa puck, ndipo masewero amodzi ali ndi zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Musaganize kuti amadikira chisanu ngati cha Juni kuno ku Mzuzu, pakuti bwalolo limakhala m'nyumba ndipo madziwo amawaunditsa ndi makina.

Mpikisanowu umayendetsedwa ndi NCAA, bungwe loona za masewera m'makoleji a dzikolo, ndipo unayamba mu 1948 ku Colorado Springs, kumene yunivesite ya Michigan inatenga chikho choyamba. Masiku ano mumalowa matimu 16 omwe amagawidwa m'magulu anayi, ndipo opambana m'magulumo ndiwo amakumana mu Epulo pa ndime yotchedwa Frozen Four.

Chomwe chimakometsa mpikisanowu, m'kuona kwathu, n'chakuti mulibe masewero achibwereza. Timu ikagonja kamodzi yatuluka, ngakhale itakhala kuti inaopseza anzake chaka chonse, ndipo nthawi ikatha zigoli zili zofanana palibe za mapenate: amapitiriza kusewera kufikira wina atagoletsa, ndipo chigoli chimenecho chimatseka masewero nthawi yomweyo. Zinatero mu 2023 ku Tampa, pamene yunivesite ya Quinnipiac inagonjetsa ya Minnesota 3-2 ndi chigoli cholowa patangotha masekondi 10 a nthawi yowonjezera. Mu 2025 nayo Western Michigan inatenga chikho chake choyamba pogonjetsa Boston University 6-2 ku St. Louis.

Mphwanuyo ali ndi chifukwa chonyadira, pakuti Denver itagonjetsa Boston College 2-0 mu 2024 inafikitsa zikho 10, n'kupitirira Michigan yomwe inali ndi 9. Pa za ulemuwo, dziwani kuti ena mwa anyamatawa amakhala atasankhidwa kale ndi matimu a ligi yaikulu ya NHL, motero anthu amadzaza bwalo kuti aone akatswiri amenewa asanayambe kusewera pa malipiro. Mukafuna kuonera nawo pa intaneti mukonzekere kuchezera, chifukwa masewero a madzulo kumeneko amagwa pakati pa usiku kapena m'bandakucha kuno.