Ndikadya chiyani ku Venice, mzinda wa pamadzi?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akuphunzira ku Padua, m'dziko la Italy, ndipo wandiitana kuti ndikamuone mu Novembala. Akuti tidzakaonanso Venice, mzinda womwe uli pamadzi. Ine boti sindinakwerepo, ngakhale Nkhata Bay ili pafupi pomwepa. Kodi n'zoona kuti kulibe galimoto? Nanga ine wozolowera nsima ndikadya chiyani, poti ndalama n'zochepa?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Amayi, mtima m'malo. Pitani ndithu.

Za galimotozo n'zoona. Sitima ya pamtunda yochokera ku Padua imayenda pafupifupi theka la ola, kuwoloka mlatho wautali pamwamba pa madzi n'kukaima pa siteshoni ya Santa Lucia. Mukangotuluka pakhomo, madzi ali poteropo. Kuyambira pamenepo n'kuyenda pansi kapena paboti basi. Ambulansi, apolisi ngakhale otola zinyalala, onse amabwera paboti. Mzindawu uli pa tizilumba 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, ndipo nyumba zake zinakhala pa mitengo yomwe makolo awo anakhomera m'matope.

Madzi a m'ngalande za mumzindamo ndi odekha. Inu mukakwere vaporetto, boti lalikulu la injini lokhala ndi denga ndi mipando, lomwe eni mudzi amapitira kuntchito. La nambala 1 limadutsa m'ngalande yaikulu ya Canal Grande, makilomita pafupifupi 4, likuima paliponse, ndiye nyumba zakale mumaziona bwinobwino. Mu 2024 tikiti ya ulendo umodzi inali ma euro 9.50, ya tsiku lonse 25. Gulani ya tsiku lonse. Gondola, bwato lakuda la pazithunzi lija, linali ma euro 90 theka la ola. Ine ndalama imeneyo sindingakulangizeni kuiponya pamenepo. Mukafuna kulawako, pali traghetto, gondola yongowolotsa anthu tsidya lina pa ma euro 2.

Tsono za chakudya, pamene pagona nkhawa yanu. Anthu a ku Venice amadya chimanga. Amachitcha polenta: ufa wophikidwa m'madzi, mthiko m'manja, monga timachitira nsima, kungoti iwo amathiramo mchere pophika. Kumeneko amakonda ya chimanga choyera, makamaka ndiwo ikakhala nsomba. Ina imabwera yofewa, ina amaisiya kuti izizire, n'kuidula zibenthu n'kuiwotcha mpaka m'mbali mutachita khirikhiri. Itanitsani fegato alla veneziana, chiwindi cha ng'ombe chokazinga ndi anyezi wambiri, polenta pambali. Mudzadzuka mutakhuta.

Chomwe ine ndimachikonda koposa ndi sarde in saor. Ndi tinsomba tokazinga tomwe amatigoneka mu anyezi wophikidwa ndi viniga, n'kuwazamo mphesa zouma. Timadyedwa tozizira, kuwawasa ndi kutsekemera zikumvekera pamodzi mkamwa. Asodzi akale ankasunga nsomba mwanjira imeneyi kuti zisawonongeke panyanja. Mukaona spaghetti wakuda bii musaganize kuti wapserera. Amamudetsa ndi madzi akuda a seppia, kanyama ka m'nyanja.

Kodyera n'kumene kumasiyanitsa mtengo. Pabwalo la San Marco pitani mukaone tchalitchi chonyezimira golide mkati ndi nyumba ya ma Doge, omwe ankalamula mzindawu mpaka 1797. Valani zophimba mapewa ndi mawondo, apo ayi pakhomo la tchalitchi akubwezani. Koma njala ikakupezani pomwepo, pirirani pang'ono. Lowani m'tinjira ta ku Cannaregio kapena kuseri kwa msika wa Rialto, mufunefune bacaro, kanyumba kodyera choimirira. M'galasi muli cicchetti, tizakudya ta m'manja: kabuledi kopakidwa nsomba yopondaponda, timipira ta nyama, theka la dzira. Mumangoloza chala. Mukakhala patebulo m'lesitilanti, bilu imabwera ndi kandalama kena kotchedwa coperto, kolipirira malo. Madzi musagule, tengani botolo muzitunga pamipopi ya m'mabwalo, ndi abwino kumwa.

Msika wa nsomba wa Rialto ukafikeni m'mawa, Lachiwiri mpaka Loweruka. Nthawi ikalola, kwerani boti la ku Murano mukaone amisiri akuuzira galasi lamoto ndi chitoliro, ntchito yomwe inasamukira pachilumbacho mu 1291 poopa moto mumzinda.

Novembala ndi mwezi wozizira, ndiponso nyanja imatha kukwera n'kulowa m'misewu. Mu 2019 nyanja inakwera masentimita 187 kuposa mulingo wake wa nthawi zonse. Chiyambire 2020 pali zitseko zikuluzikulu zotchedwa MOSE zomwe amadzutsa kutchinga madziwo, komabe tengani jekete lochindikala ndi nsapato zafulati zosalowa madzi, chifukwa milatho yambiri ili ndi masitepe.

Ndikupemphaninso chimodzi. Eni mzinda wakalewo atsala osakwana 50,000, ndipo alendo amawachulukira. M'tinjira topapatiza yendani kudzanja lamanja, musakhale pamlatho kudya, nkhunda musazipatse chakudya; ziwiri zomalizazi amalipiritsa chindapusa. Ndipo za visa ya Schengen, chilolezo cholowera ku Italy, muyambe msanga, mwana wanuyo atumize kalata yokuitanani mwezi uno.