Kodi nkoyenera kuthira mankhwala a zinc mu oyilo wa injini?

Bambo wina wa ku Ulongwe, amene amayendetsa Toyota ya petulo yochokera ku Japan pakati pa Angónia ndi mzinda wa Tete, wandilembera imelo. Akuti makaniko wawo wawalangiza kuti azithira kabotolo ka mankhwala a zinc mu oyilo chifukwa kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumaperepesa injini msanga, ndipo akufunsa ngati zimenezi zili ndi vuto.

Bambo, musathire. Makanikoyo sananame ponena kuti zinc amateteza zitsulo, koma mankhwalawo alimo kale mu oyilo amene mumagula. Dzina lake ndi ZDDP, ndipo akhala akuikidwa mu oyilo kuyambira zaka za m'ma 1940. Muli zinc, phosphorus ndi sulufule, ndipo pamene zitsulo zikukhuzana mwamphamvu ndi kutentha, monga pa camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu), mankhwalawa amapanga kachikuto kopyapyala kamene kamaperepeseka m'malo mwa chitsulo.

Vuto lili ku ekizozi. Injini iliyonse imawotcha oyilo pang'ono, ndipo phosphorus amatuluka ndi utsi mpaka kukafika mu chipangizo choyeretsa utsi chotchedwa catalytic converter, chimene amakaniko akuno amati catalisador. Mkati mwake muli timabowo tambirimbiri topakidwa zitsulo zodula monga platinum, palladium ndi rhodium, zimene zimasandutsa carbon monoxide, petulo wosapsa bwino ndi mpweya wa NOx kukhala mpweya wosaopsa kwambiri. Phosphorus akafika pamenepo amamatirira ngati phula nkuphimba zitsulozo, moti utsi umangodutsa wosayeretsedwa, ndipo kusintha oyilo pambuyo pake sikuchotsa zimene zamatirira kale. Kachipangizo koyeza okosijeni mu ekizozi nako kamawonongeka, ndiye galimoto imayamba kumwa petulo wambiri.

Nchifukwa chake malire a phosphorus anatsitsidwa. Oyilo wopepuka monga 5W-30 wa muyezo wa SL wa bungwe la za mafuta la ku America (API), wa mu 2001, ankaloledwa kukhala ndi phosphorus wofika 0.10 peresenti, koma kuyambira pa muyezo wa SM mu 2004 malirewo ndi 0.08 peresenti. Munthu wothira kabotolo kaja akubwezeramo chinthu chimene opanga oyilo anachichepetsa dala. A galimoto za dizilo zokhala ndi sefa ya DPF, yokola mwaye wa mu utsi, asamale koposa, popeza phulusa la zinc silipsa ndipo limatseka sefayo.

Ndikudziwa kuti ena amati catalisador ikafa, ingodulani nkuwotcherera paipi. Mtima wanga sugwirizana nazo, chifukwa utsiwo umapumidwa ndi amayi ogulitsa tomato ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu ku Moatize ndi ku Zóbuè, anthu amene fumbi likuwasautsa kale.

Kutentha kwa mu Okutobala, pamene ku Tete kumapitirira madigiri 40, nkoopsadi kwa injini, koma chokutetezani ndi rediyeta yoyera, sefa ya mpweya yosatsekeka ndi fumbi, ndi oyilo weniweni wa muyezo wolembedwa m'buku la galimoto yanu, wosinthidwa nthawi isanapitirire. Ngati oyilo akutsika msanga kapena mukuona utsi wabuluu, pitani mukakonzetse maring'i kapena masilo a mavalavu, pakuti injini yotero imaipha catalisador ngakhale musanathire kanthu. Injini zakale kwambiri zopanda catalisador ndizo zingapindule ndi ZDDP wochulukirapo, ndipo nazonso nkwabwino kuzigulira oyilo wopangidwira zimenezo kusiyana ndi kusakaniza nokha.