Tivomereze kuti sukulu zibwereke ndalama? Mayi wa ku California afunsa

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndimakhala ku California ndipo ndalandira kumene unzika wa America, choncho aka ndi koyamba kuti ndivote. Pa pepala lovotera akutifunsa ngati tikulola kuti ofesi yoyang'anira sukulu za m'dera lathu ibwereke madola 200 miliyoni pogulitsa mabondi. Mwana wanga amaphunzirira m'kalasi yongoikapo, yotha kunyamulidwa, ndipo nthawi yotentha amabwera malaya atanyoweratu ndi thukuta chifukwa makina oziziritsira mpweya anafa kalekale. Kapepala kamene atitumizira akuti msonkho sukwera, koma bambo akunyumba akuti limenelo ndi bodza. Nyumba tinaigula madola 500,000. Ndimvere ndani?
Mayi wa ana awiri, California

YANKHO: Mayi, bambo akunyumba asanyozeke, mfundo ali nayo. Kungoti si mfundo yokanizira mwana kalasi yabwino.

Bondi ndi ngongole. Ofesi ya sukulu imalandira ndalama lero kwa anthu ndi makampani ogula mabondiwo, n'kumabweza pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja, kawirikawiri kwa zaka 25 kapena 30. Wobweza ndi inuyo, kudzera mu msonkho wa nyumba. Ngakhale okhala m'nyumba za lendi sapulumuka kwenikweni, chifukwa mwini nyumba amadziwa pokaitenga ndalamayo. Tsono akamati msonkho sukwera, nthawi zambiri amatanthauza kuti ngongole yakale ikutha ndipo yatsopanoyi ilowa m'malo mwake. Simudzaona kusintha pa bilu, inde, koma mukanakana msonkhowo ukanatsika. Ine zimandiwawa kuti samanena poyera chonchi, chifukwa makolo ambiri akanavomerabe atauzidwa zoona.

Za thumba lanu n'zosavuta kuwerengera. Ku California msonkho amawerengera pa mtengo umene munagulira nyumba, ndipo lamulo la Proposition 13 la mu 1978 limaletsa kukweza mtengo wowerengerawo kupitirira 2 peresenti pachaka. Ngati bondiyi ikufuna madola 30 pa madola 100,000 aliwonse, inu muzilipira pafupifupi madola 150 pachaka. Mu 2000, pamodzi ndi lamulo la Proposition 39, panaikidwa malire a msonkho wa bondi iliyonse pa madola 100,000 aliwonse: madola 60 kwa ofesi yoyang'anira pulayimale ndi sekondale pamodzi, madola 30 kwa yoyang'anira mbali imodzi yokha. Lamulo lomweli ndi limene linatsitsa mavoti ofunika kuchoka pa magawo awiri mwa atatu kufika pa 55 peresenti. Kwina n'kovutirapo: m'chigawo cha Washington amafuna 60 peresenti, ndipo m'chigawo cha Idaho akadali pa magawo awiri mwa atatu, moti anthu ambiri amatha kuvomera koma denga n'kumadonthabe.

Koma nambala imene ndikufuna muifufuze si ya madola 200 miliyoniyo ayi. Tsegulani kabuku kamene ofesi ya zisankho inakutumizirani, mupeze tsamba lofotokoza za msonkho. Pamenepo alemba ndalama zonse zimene dera lidzabweze, ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja. Mukapeza kuti n'zowirikiza kawiri kapena kucheperapo, musadabwe, ndi mmene ngongole ya zaka zambiri imakhalira. Zikapitirira patali pamenepo, funsani. Ndikunena izi chifukwa cha zimene zinachitika ku Poway, kufupi ndi San Diego. Mu 2011 ofesi ya sukulu kumeneko inabwereka madola 105 miliyoni mwa mgwirizano woti isabweze kalikonse kwa zaka zoposa 20, chiwongoladzanja chikungounjikana. Pomaliza anthu a kumeneko adzalipira pafupifupi madola 1 biliyoni. Ana amene anali mu pulayimale nthawi imeneyo ndi amene adzasenze katunduyo ali ndi mabanja awo. Nkhaniyi itaphulika, California inakhazikitsa lamulo mu 2013 loti zobweza zisapitirire kanayi pa zimene zabwerekedwa. Kanayi n'kwambiribe, Mayi.

Chachiwiri, werengani mndandanda wa ntchito. Ndalama za bondi saloledwa kulipirira aphunzitsi malipiro, ndi za zomangamanga ndi zipangizo basi. Muyang'ane ngati dzina la sukulu ya mwana wanu lilipo, ndiponso ngati alemba zinthu zogwirika monga denga, mapaipi a madzi, zimbudzi, mawaya a magetsi, makina oziziritsira mpweya, kuchotsa makalasi ongoikapo aja. Mndandanda wongoti "kutukula malo ophunzirira" umapatsa akuluakulu mpata wochita zimene akufuna. Samalaninso ndi zinthu zosakhalitsa. Denga labwino lidzafika zaka 30, koma laputopu ikatha zaka zisanu yatopa. Kulipira kwa zaka 30 chinthu chimene chinatayidwa kalekale kuli ngati kumalipirabe ngongole ya mbuzi imene munadya pa chinkhoswe mwana ali kale ndi zidzukulu.

Vuto la mwana wanu si lake yekha. Mu 2020 ofesi ya boma la America yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, ya GAO, inapeza kuti sukulu pafupifupi 36,000 zikufunika kukonza kapena kusinthiratu makina otenthetsera ndi oziziritsira mpweya. Boma lalikulu ku Washington D.C. limaikapo zochepa kwambiri pa nyumba za sukulu, ndiye udindo umagwera madera eni ake. N'chifukwa chake dera la nyumba zodula limamanga mosavuta ndi msonkho wochepa, pomwe dera losauka limadzifinya n'kupezabe zochepa. Chilungamo palibepo, koma kukana bondi sikuchibweretsa.

Palinso china chokomera kuvomera panopa. Mu Novembala 2024 anthu a ku California anavomereza Proposition 2, bondi ya madola 10 biliyoni, ndipo 8.5 biliyoni mwa ndalamazo ndi za sukulu za pulayimale ndi sekondale. Kuti dera litapeko, nthawi zambiri liyenera kuyamba lapeza gawo lake. Dera lopanda bondi limangoonerera anzake akutapa.

Sikuti bondi iliyonse ndi yoyenera kuivomera. Mwezi womwewo anthu a mumzinda wa Houston, ku Texas, anakana bondi ya madola 4.4 biliyoni, ngakhale sukulu zambiri zinali zofunikadi kukonza, chifukwa sankawakhulupirira amene akanagwira ndalamazo. Ndimawamvetsa.

Ndikanakhala inu, ndikanavotera inde ngati sukulu ya mwana ili pa mndandanda ndipo zobweza sizikupitirira patali kawiri. Bondi ikadutsa, lamulo limakakamiza ofesiyo kukhazikitsa komiti ya anthu wamba osachepera 7 yolondoloza ndalamazo, ndipo mpando wina ndi wa kholo la mwana wa pa sukulu. Ogwira ntchito mu ofesiyo saloledwa kukhalamo. Auzeni bambo akunyumba akalembetse, poti maso okayikira ali nawo kale.