Funsani Mmisiri: Gogomole watiboolera nyumba ku Indiana

FUNSO

A Mmisiri, ine ndi bambo akunyumba tidagula nyumba chaka chatha kuno ku South Bend, ku Indiana. Kunja kwake n'kwa matabwa a cedar opaka mankhwala ofiirira. Chiyambireni mwezi wa Okotobala, kambalame kamawanga akuda ndi oyera kakumabwera m'mawa uliwonse n'kumagogoda, mpaka kaboola bowo lolowa zala ziwiri m'munsi mwa denga, ndipo thonje lija lotchinga kuzizira layamba kutuluka. Pa thabwa la m'mphepete mwa denga kakumbanso timizere totalika ngati chala. Bambo akuti agule kamfuti kamphepo, ine ndimati tingothirapo thovu la m'chitini lotsekera mabowo. Tichite chiyani chisanu chisanafike?

Mayi wa ku South Bend

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi bambowo. Auzeni mwaulemu kuti za mfuti aziiwale, ngakhale legeni asayerekeze. Ku America gogomole amatetezedwa ndi lamulo la boma la 1918 lotchedwa Migratory Bird Treaty Act. Kumupha, kumukola kapena kuphwanya chisa chokhala ndi mazira popanda chilolezo cha U.S. Fish and Wildlife Service, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndi mlandu, ndipo chilolezocho sapereka msangamsanga. Anthu akumeneko amazikonda mbalamezi, ena amaziikira ndi chakudya chomwe pakhomo, choncho musaganize kuti aneba angakhale chete.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, mlendo wanuyo ayenera kukhala downy woodpecker, gogomole wamng'ono kuposa onse kumeneko, wotalika masentimita 15 kapena kupitirirako pang'ono. Wamphongo amakhala ndi kadontho kofiira kunkhongo. Koma chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti muli ndi mavuto awiri, ndipo mabowowo ndi amene akukuuzani.

Bowo lozungulira lija ndi chipinda chogona. Nyengo yozizira ikamayandikira mbalamezi zimadzikumbira pobisala usiku, ndipo thabwa la cedar n'lofewa, kuseri kwake kuli mphako yofunda kale. Timizere ta m'mphepete mwa denga ndi nkhani ina. Pamenepo akufuna ndiwo. Kwerani makwerero muyang'ane kunsi kwa thabwalo. Ndikukhulupirira kuti mupeza timabowo tosalala bwino, tokwana theka la inchi, ndi mizere yachikasu pakhoma pansi pake. Ameneyo ndi bemberezi, njuchi zikuluzikulu zoboola mitengo zija. Amalowa pang'ono, kenako n'kukhota kutsata utali wa thabwa, n'kuikira mazira m'katimo. Gogomole amang'amba ngalande yonseyo kuchokera kunja kuti adye mphutsi. Mukangomata pamwamba osathana ndi bemberezi, chaka chamawa mudzalembanso kalata yomweyi.

Thovu la m'chitini silingakhale khungu la nyumba. Dzuwa limalifumbutsa, ndipo mbalame imalitosa mosavuta kuposa thabwa. Silicone, phala lomatira ming'alu, nayenso musiyeni, penti sagwirapo.

Yambani ndi timizere. Palani ndi mpeni kapena msomali mpaka utuchi ndi zonse zofumbwa zichoke, mufike pa thabwa lolimba. Likhale louma, chifukwa mukatsekera chinyezi m'kati ndiye kuti mwayambitsa kuola. Gulani epoxy wa matabwa, uja amabwera m'zitini ziwiri. Tapani mofanana uku ndi uku, kandani ngati ufa wa mandasi mpaka mtundu ukhale umodzi, kanikizani m'ngalandemo kuti mpweya usatsalire, ndipo musiye katumphuka pang'ono pamwamba. Akauma, kwechani ndi sandipepa afanane ndi thabwa. Sakanizani pang'onopang'ono, chifukwa akayamba kugwira sabwerera. Timabowo ta bemberezi nyengo yabwino yotseka ndi inoyi. Pisanimo waya kaye, kenako khomeranimo kamtengo kozungulira kopaka guluu wosaopa madzi. Thabwalo likakhala kuti ladyeka kwambiri, moti mukaligogoda likumveka phwephwe, lichotseni lonse muike lina.

Bowo lalikulu lija limafuna kudekha. Mwezi uno mulibe mazira, koma unikanimo ndi tochi, ndipo tsekani masana mbalameyo itapita kokadya, osati madzulo italowa kale. Zikadakhala kuti ndi Meyi kapena Juni ndipo mukumva tiana tikulira m'khomamo, ndikadati dikirani mpaka tiuluke. Bwezeretsani thonje limene latuluka, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno poti limayabwa. Kuseri kwa matabwa kumakhala pepala lotchinga madzi, nalonso lang'ambika, limateni ndi tepi yake. Anthu ambiri amadumpha pamenepa chifukwa sipaoneka, komatu ndi pamene madzi amalowera, n'kuundana m'nyengo ya chisanu, n'kuyamba kutsegula khoma.

Kenako bowolo likonzeni likhale lozungulira bwino kapena la ngodya zinayi, mudule kachidutswa ka cedar kolowa mothina, mzere wa thabwa uyang'ane mbali imodzi ndi linzake. Pakani epoxy kapena guluu m'mbali monse, khomerani, mawa lake mukweche. Ine pa ntchito zoterezi ndimakonda chigamba cha thabwa kuposa kudzaza bowo lonse ndi phala, chifukwa thabwa limafufuma ndi kunyala pamodzi ndi linzake nyengo ikamasintha, komanso limamwa mankhwala ofiirira aja. Epoxy samwa, ndiye pa khoma losapaka penti chigamba chake chimaonekera patali.

Ngati thabwa limodzi lili ndi mabowo angapo, musavutike ndi zigamba. Tukulani pang'ono thabwa lapamwamba pake, dulani misomali ndi mpeni wa sowo yodulira zitsulo, ndipo dulani lowonongekalo pamene pali mtengo woimirira wa m'kati. Mitengoyi nthawi zambiri imatalikirana mainchesi 16. Thabwa latsopano lipakeni mbali zonse, ndi kumapeto komwe mwadula, musanalikhome. Misomali ikhale ya stainless steel kapena yokutidwa bwino kuti isachite dzimbiri, chifukwa msomali wamba pa cedar umatulutsa mizere yakuda yotsika khoma lonse.

Zinthu ziwiri muonetsetse musanakweche kapena kupaka. Choyamba, chaka chimene nyumbayo idamangidwa. Ngati ndi 1978 isanafike, penti wakale, makamaka wa m'mphepete mwa denga ndi mawindo, akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana. Yezetsani kaye. Chachiwiri, werengani pa chitini. Penti wambiri amafuna kuti kunja kusazizire kupitirira madigiri 50 a Fahrenheit, omwe ndi 10 pa muyeso wa kwathu, ngakhale alipo ena opirira kuzizira koposa apo. Ku Indiana masiku otero Novembala akalowa amasowa. Nthawi ikakutherani, khomani kachitsulo kapena sefa wa waya pa bowolo, mudzamalize bwino mu Epulo.

Tsiku lomwe mwatseka, tsiku lomwelo muikenso zoopsezera, apo ayi abowola pambali pake. Ofufuza a pa yunivesite ya Cornell adayesa njira zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo kadzidzi wa pulasitiki ndi makina olira ngati mbalame yogwidwa, ndipo imene idathandiza mosadumphadumpha ndi timaliboni tonyezimira topachikidwa kuti tiziuluzika ndi mphepo. Kadzidzi amamuzolowera pakangopita masiku. Pachikani timaliboniyo pamwamba penipeni pa malo owonongekawo. Gogomoleyo akachita makani, mangani ukonde wa maso aang'ono kuchokera m'mphepete mwa denga kutsika, utalikirane ndi khoma mainchesi atatu kuti mlomo usafike. Ofufuza omwewo adapezanso kuti nyumba zamtundu wofiirira ngati yanuyi zimagogodedwa kwambiri kuposa zopaka penti wowala, ndiye mukadzafuna kupakanso, ganizirani zoyera kapena zina zowala. Ndipo ngati kuseri kwa nyumba kuli mtengo wouma umene sungagwere munthu, usiyeni, ndi kumene angasamukire.

Za inshuwalansi musadalire kwambiri. Mapepala ambiri amanena poyera kuti zowonongedwa ndi mbalame ndi tizilombo salipira, koma werengani anu. Pomaliza Mayi, ngati bowolo lili pa nsanjika yachiwiri, bambo asakwere okha. Wina agwire makwerero pansi, kapena itanani mmisiri.

FUNSO

A Mmisiri, njuchi zakuda zikuluzikulu zikuboola mapaso a pakhonde langa, utuchi ukungogwera pamkeka. Ndipope mankhwala anji?

Bambo wa ku Dedza

YANKHO

Bambo, ameneyo ndi bemberezi yemwe ndamutchula pamwambapa, kungoti kwathu makoma ndi a njerwa ndiye gogomole sawatsatira kwenikweni mpaka pakhonde. Ine sindingathamangire kupopa, chifukwa njuchi zimenezi ndi zimene zimabereketsa magalagadeya ndi mbewu zina kudimba. Dikirani zituluke masana, pisani waya m'bowomo, khomeranimo kamtengo kopaka guluu, kenako pakani mapaso onse penti wa oyilo kawiri. Bemberezi amakonda thabwa losapaka. Phaso limene lili ndi mabowo ambiri pafupi ndi pamene lakhalira pakhoma lisintheni mvula isanayambe, chifukwa mphepo ikadzakoka malata lidzathyokera pamenepo.